Makaseti a Fakiri m'Munda wa Mpunga

Fakiri anaponya njinga pansi osaimika n'komwe. Munda wawo wa mpunga ku Chia unkanyezimira kuchokera uku mpaka uko. Timizere takuda tinali titamangidwa pa timitengo, tikuvina ndi mphepo, ndipo iye anatizindikira asanatikhudze. Anali matepi a m'makaseti ake.

"Amake Nadia! Mwachita chiyani?"

Tatu, mkazi wake, anali pamzere wa kumapeto, mpeni uli m'manja. Pambali pake panali lichero lodzaza zigoba za makaseti.

"Ndaingitsa mbalame," anayankha osatembenuka.

Makasetiwo analipo khumi. Fakiri anawasonkhanitsa pa zaka makumi atatu, kuyambira tsiku lomwe ali mwana anasuzumira pazenera la vidiyo sho ku boma n'kuona chombo chikuyenda pakati pa nyenyezi, kaputeni wa diso limodzi ali pa chiwongolero. Nkhaniyo inamulowa m'magazi. Ankadziwa dzina la dziko lililonse limene chombocho chinatera, ndipo pamalo ake okonzera njinga ankapanga tizombo ta mawaya n'kutipachika kudenga. Makasitomala ankabwera kudzamatitsa tayala, n'kubwerera atamva mbiri yonse ya kaputeni, ofuna ndi osafuna omwe.

"Walahi, mayi inu mulibe chisoni! Mukudziwa kuti awa sapezekanso? Ngakhale ku Lilongwe!"

"Deki yoonera inafa Nadia ali Sitandade 2. Pano Nadia ali ndi mwana. Mumawaonera pati, pamphumi?"

"Chinthu sichisungidwa chifukwa choonera chokha!"

"Mpunganso sulimidwa chifukwa cha mpheta." Tatu anatembenuka tsopano, maso ali psuu. "Masiku atatu ndakhala ndikukupemphani kuti tizisinthana kuno. Mawu anga atha ndi kukuwa. Dzulo munati mubwera mukatha swala ya m'mawa ku mzikiti. Ndinakupezani kuti? Pamsewu, mukukangana ndi a Sulemani za anthu a kumwezi."

"Si kumwezi! Ndakuuzani kangati kuti kumwezi sanapiteko n'komwe?"

"Kaya kumene anapitako, akutumizireni thumba la mpunga."

Fakiri anapsa mtima, koma chomuwawa kwambiri chinali chakuti mkaziyo sankanama. Mbali ya kumadzulo, komwe matepi anali asanafike, mpheta zinali zitatera ngati zaitanidwa ku ukwati. Ngala zambiri zinali zitasanduka mankhusu okhaokha.

Apa n'kuti Tatu atatola kaseti yomaliza m'lichero. Inali isanatsegulidwe. Pamsana pake panali pepala lachikasu lolembedwa ndi dzanja la Fakiri: Gawo Loyamba.

"Iyo yokha ayi," anatero Fakiri, mawu atatsika.

"Nanga mbali iyo nditchinge ndi chiyani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo. Wapamphuno ndi mpungawu."

"Amake Nadia, imeneyo ndi yeniyeni. Eni ake a filimuyi anaisintha. Ya masiku ano kaputeni anamupatsa maso awiri, n'kumusandutsa kamnyamata kodzola mafuta. Nkhani mulibe, kungowomberana basi. Yoona inatsala m'menemo."

"Ndiye tidye yoonayo?"

Mpeni unali utalowa kale pamphepete pa kasetiyo. Fakiri anayang'ana mizere isanu ndi inayi ya matepi imene inkauluka pamwamba pa mpunga. Madzi akatayika saoleka. Anatambasula dzanja.

"Ndipatseni ola limodzi. Musaitsegule."

Anapalasa ngati akuthamangitsidwa. Anabwerera ndi jumbo yodzaza madisiki, magawo onse atsopano amene mwana wawo Nadia ankamutumizira kuchokera ku Mzuzu poganiza kuti akusangalatsa bambo ake. Anawamanga ndi ulusi, limodzilimodzi, n'kuwapachika mbali ya kumadzulo. Dzuwa litawaomba, anathwanima mpaka mpheta zonse zinadzambatuka.

"Mwaona?" anatero mokwiya. "Ngakhale mbalame sizikuwafuna."

Tatu anafuna kuseka koma anadzigwira. Kasetiyo anali akadaigwirabe.

"Mpheta sizichedwa kuzolowera. Pofika Lachisanu zidzakhala zikutera pamwamba pa madisiki anuwo. Pamafunika munthu."

"Ndamva."

"Mpaka tikolole."

"Ndati ndamva!"

Apo m'pamene anamupatsa. Fakiri anaipukuta ndi malaya, n'kuiika m'thumba la pachifuwa ngakhale sinkakwanamo bwino.

Masabata atatu otsatira, pamalo okonzera njinga panali potseka mpaka masana. Odutsa ku Chia ankamuona Fakiri ali chilili pakati pa munda, akuponya zibuma ndi kukalipira mbalame. Mphepo ikadula tepi, ankaitola, n'kuiyang'anitsitsa padzuwa ngati angaonemo kanthu, kenako n'kuimanganso pamtengo ndi manja ake.