Chingerezi pa Mkeka Wodyera

Mpunga unali utayamba kuzizira m'mbale ya agogo Khoat, koma eni ake manja anali pamawondo.

"Bambo anuwa akudwala kodi?" Thoa ananong'oneza mwamuna wake.

"Sanaitanidwe," anayankha Vuong, maso ali pansomba.

"Diep wawaitana. Ndamumva ndi makutu angawa."

"Wawaitana m'Chingerezi. Iwo akuyesa mwana watsamwa."

M'nyumba zonse za mumsewu wawo, mumzinda wa Nam Dinh, wamng'ono sagwira timitengo todyera asanaitane akulu mmodzimmodzi, ngakhale onse akhale kale pamkeka. Agogo Khoat anadya motero moyo wawo wonse. Koma sabata imeneyo Thoa anali ataika lamulo loti pa chakudya chamadzulo pazimveka Chingerezi chokhachokha.

Nzeruyo sinali yake. Mwana wawo Diep ankakonzekera mayeso olowera kusekondale yabwino ya m'tauni, ndipo mphunzitsi wake sanabise mawu. Anati malamulo a chiyankhulocho mwana akuwadziwa, koma mawu ali nawo ochepa ngati nyama ya m'supu wa kumsika. "Mawu oloweza amatsala m'kalasi," anatero. "Okhazikika ndi amene mwana wapemphera mchere." Thoa, amene anatola Chingerezi chake kufakitale yosoka zovala, anaigwira nzeruyo ndi manja awiri.

Ndipo inagwiradi ntchito. Diep, amene kale ankameza mawu ndi manyazi, anayamba kufufuza masana mawu oti adzanenezere anzake madzulo. Anadziwa kunena kuti masamba awawa, kuti mpunga wapserera, kuti aphunzitsi a masamu akondera. Ngakhale Vuong, amene Chingerezi chake chimathera pa moni, anaphunzira kupempha msuzi. Agogo ankangodya pang'ono n'kunyamuka, kenako anasiyiratu kukhala pamkeka.

Nkhani inamupeza Thoa pakona, kwa mayi Suu ogulitsa supu.

"Zikomo potipatsa kasitomala, anzanga," anatero mayi Suu mokweza, kuti a pabenchi amve. "Apongozi anu madzulo alionse ali pano. Kapena kwanuko mpunga nawo unayamba kulankhula Chizungu?"

"Amakonda supu wanu, basi."

"Supu wanga? Iwo aja amene ankati ndimaphika madzi otsukira mbale? Walira mvula walira matope, mayi."

Thoa anachita manyazi, manyaziwo n'kusanduka mkwiyo. Njira yonse ankanola mawu. Ankati akawauza apongozi akewo kuti mayeso sadikira munthu, kuti iye akuvutikira mdzukulu wawo yemwe, kuti munthu wamkulu sayanika banja lake pamsewu.

Anawapeza kuseri kwa nyumba akuthirira maluwa awo a m'miphika.

"Bambo, anthu akutiseka. Akuti ndikukumanani chakudya."

"Suu uja pakamwa pake n'chipande chotapa zilizonse, musiye." Anaika pansi chitini chothirira. "Mwana akuphunzira?"

"Akuphunzira."

"Ndamva. Dzulo amaseka mpaka kugwira pamimba. Sindinadziwe chimene amaseka, koma anaseka bwino." Anapukuta manja pabuluku. "Usasinthe kanthu, mwana wanga. Ndikakhalapo amandiyang'ana, lilime n'kumuuma. Kwa Suu ndasiya. Muzingondisungira kumphika, ndizidya mukatha."

Mawu onse amene Thoa ananola anasowa powalasa. Anali atapambana, ndipo zinamuwawa kuposa kukalipiridwa. Amayi a Vuong chimwalirire, nkhalambayo inkamva za dziko pamkeka pomwepo: amene wadwala, amene wakwatiwa, amene wakwapulidwa kusukulu.

Madzulo amenewo anayala mkeka monga mwa masiku onse. Diep anaitana makolo ake m'Chingerezi chosalala, n'kuyamba nkhani ya mnzake amene anagwidwa akugona m'kalasi. Pakhomo la khitchini Thoa ankaona msana wa apongozi ake. Anali atakhala pakampando, akudikira kuti enawo amalize.

Thoa anatapa nsomba ya pamimba, yopanda minga, n'kunyamula mbale yake.

"Mukupita kuti, amayi a Diep?" anafunsa Vuong m'chiyankhulo chakwawo, lamulo ataliiwala. "Nanga mwanayu azicheza ndi ndani?"

"Ndi inu. Akuphunzitseni, ndi mmene mawu amakhazikikira."

"Inetu ndimangodziwa kupempha msuzi."

"Yambirani pomwepo."

Kukhitchini kunalibe mpando wachiwiri, ndiye anakhala pansi pafupi ndi thumba la mpunga. Anagawira apongozi ake, n'kupereka mbaleyo ndi manja awiri.

"Bambo, ndikukuitanani, tidye."

Agogo Khoat anamuyang'ana kanthawi, kenako anatola timitengo tawo.

"Nanga wagona m'kalasi uja ndi mwana wa ndani?" anafunsa. "Dzina lokha ndalimva."

Thoa anameza mpunga, n'kuyamba kuwafotokozera kuchokera pachiyambi.