Penti wa Mbali Imodzi

Mwana wanga anamulanda chigawo chake cha njira pamaso pa anthu makumi atatu, ine ndili pomwepo.

Njirayi ndi ya anthu oyenda pansi. Imachokera kutali komwe sindinafikeko, imadutsa m'mapiri, m'nkhalango ndi m'minda ya anthu, ndipo oimaliza amati imadya masabata awiri. Chimene amadzizunzira chonchi mabasi alipo, musandifunse. Ine ndimagulitsa nsapato pamsika, ndiye iwo akamayenda ine ndimadya. Oisamalira ndi anthu ongodzipereka, salandira kanthu. Aliyense ali ndi chigawo chake. Amalambula, amakumba ngalande kuti madzi asakokolole njira, amakonza masitepe, n'kupaka zizindikiro za penti wachikasu pamitengo ndi pamiyala kuti mlendo asasochere.

Mwana wangayo ndi telala. Chigawo chachisanu ndi chinayi anachisunga zaka zisanu ndi chimodzi. Ndi chigawo chankhanza, chokwera chokhachokha kuyambira pa mlatho mpaka pa kanyumba kopumirako pamwamba. Loweruka lililonse ankatseka shopu masana, makasitomala ali pakhomo, n'kunyamula chikwanje.

"Iwe, phirilo linakukwatira?" ndinkamufunsa.

"Tiyeni mukandinyamulire chitini cha penti, amayi, mukamuone mkamwini wanuyo."

Ndinamunyamuliradi kangapo, ndikudandaula njira yonse.

Ndiye sitepe imodzi ya chipika inawola. Kuti uike chipika china pamafunika macheka a injini. Machekawo amakhala m'kanyumba ka zida, kiyi wake amasunga a Tcheya a odzipereka, mphunzitsi wopuma amene sachotsa chipewa ngakhale pakudya. Mwana wanga anawapempha katatu. Katatu konse anati mawa. Pamsika tonse tinkadziwa kuti machekawo ali kwa mlamu wawo, akuchekera matabwa a khola la nkhumba. Tsiku lina mayi wina wapaulendo anaponda sitepe ija, inaphwasuka, mwendo thyo!

Msonkhano unachitikira m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale, ka mipando ya pulasitiki ndi mapu aakulu pakhoma. A Tcheya anaimirira, n'kuloza mapuwo ndi ndodo ngati ali m'kalasi.

"Alipo ena pakati pathu amene amayesa njira ndi diresi. Ukalakwitsa, umangomasula ulusi."

Ena anaseka. Mwana wanga anaimirira.

"A Tcheya, macheka ndinakupemphani katatu."

"Munalemba kalata?"

"Ayi, ndinakuuzani pamaso."

"Ndiye sitikuona pamene munapempha. Khalani pansi."

Chigawo anachipereka kwa mlamu wawo yemwe uja. Ine ndinadzuka, mpando n'kugwa kumbuyo, koma mwana wanga anandigwira dzanja. "Amayi, chonde, musandiwonjezere manyazi." Ndinakhala pansi. Ndinameza mawu onse.

Masabata awiri mwana sanali munthu. Chakudya ankangochitokosa. Anasoka mkono wa malaya a kasitomala chambuyo, munthu amene sanalakwitsepo ngakhale batani. Likafika Loweruka masana ankayang'ana wotchi, n'kupitiriza kupalasa makina. Ine kulira sinditha, koma kusunga chakukhosi ndimatha.

Lolemba lina ndinasiya benchi yanga m'manja mwa mnzanga wogulitsa zikwama, n'kupita kukaona ntchito ya mlamu uja. Ndinapeza kuti sitepe sanaikonze. Anatseka njira yakale ndi nthambi, n'kulambula ina yatsopano yolambalala. Ndinakwera kuchokera pa mlatho mpaka pa mwala waukulu pamene njira imagawikana. Kumanja kuli kanjira ka ng'ombe, kotakasuka, kopondedwa bwino, kotsikira ku dambo. Kumanzere kuli mwala basi. Ndinayang'ana mitengo yonse, chizindikiro ngakhale chimodzi panalibe. Ndinazungulira mwalawo mwamwayi, n'kupeza njira yatsopano ija itabisala kuseri. Nditakwera pang'ono ndinatembenuka kuti ndipume. Mitengo yonse inali ndi penti wachikasu waliwali, akuyang'ana kumtunda.

Ndinakhala pansi n'kuseka mpaka kutsokomola.

Mwana wanga anandiphunzitsa masiku ndinkamunyamulira chitini aja kuti zizindikiro sapaka ulendo umodzi. Mtengo uli ndi nkhope ziwiri. Upake pokwera, ubwerere, upakenso potsika, chifukwa chimene akuona wotsika wokwera sachiona. Koma mlamu ndi munthu wa galimoto. Ankakwera ndi msewu wa kuseri mpaka pamwamba, n'kumatsika akupaka, mkazi wake n'kukamutenga pa mlatho. Phirilo anali asanalikwerepo ndi miyendo.

Ndikanatha kukanena tsiku lomwelo. Sindinanene. Kunali kutatsala masiku khumi ndi awiri kuti kubwere alendo a ku likulu la njira yonse, amene amabwera kamodzi pachaka kudzayendera chigawo chimodzi, ndipo a Tcheya anali atasankha chimenechi kuti akaonetse njira yatsopano.

Koma alendo wamba analibe mlandu ndi ine. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkakwera n'kukakhala pa mwala paja mpaka dzuwa litapendeka. Akafika munthu ndi chikwama chake kumsana, akuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira, ndinkati, "Kumanzere, bambo, kuseri kwa mwala." Ndinkatenganso masokosi ndi zingwe za nsapato, poti kukhala chabe sindingathe. Mwana wanga ndinamuuza kuti ndapeza msika watsopano.

Vuto linali limodzi. A Tcheya anakonza zoti alendowo akwere pa galimoto, atsike ndi miyendo. Akatero penti yense akawaonekera bwinobwino, mlamu n'kuwomberedwa m'manja.

Mwayi unabwera wokha. Lachinayi madzulo, nditatsegula benchi, a Tcheya anafika kudzafuna nsapato zoyendera pa tsikulo. Anayamba kuzigwiragwira ngati sitinakumanepo. Pafupi panali a telala awiri, wometa ndi mnzanga wa zikwama.

"Izo zisiyeni, a Tcheya, n'zokwerera mapiri. Inu ndikupatseni izi zofewa."

"Chifukwa?"

"Si mukukatsika? Ndamva kuti akukakutulani pamwamba ngati thumba la simenti, muzingogubuduka."

Wometa anaseka mpaka kugwira mzati.

"Mayi, njira imeneyi ndinaiyenda yonse inu musanadziwe kuti ilipo."

"Kale limenelo, bambo. Maondo sapuma pa ntchito limodzi ndi mwini wake? Palibe cholakwa. Ndamva kuti mkulu wa ku likulu ndi wamkulu kuposa inu, koma amakwera. Inu muzitsika, akumvetsani."

Anatenga zokwerera, osanenerera n'komwe, chinthu chimene sanachitepo. M'mawa mwake uthenga unazungulira kuti alendo akayambira pa mlatho, mlamu atsogole ndi galimoto kukakonza tiyi pamwamba.

Loweruka ndinafika pa mwala kusanatenthe. Ulendo uno sindinakhale poonekera, ndinakwera pamwamba pake n'kugona chafufumimba m'udzu. Anafika atatu: a Tcheya patsogolo ndi ndodo, mkulu wa ku likulu wa imvi zake, ndi mayi wina wojambula zithunzi. Pa mphambano paja a Tcheya anaima, akupuma ngati mvukuto. Anayang'ana mtengo uwu, mtengo uwo.

"Zizindikiro zili kuti?" anafunsa mkulu uja.

"Zili kutsogoloku. Njira ndi iyi, ikuoneka yokha."

Analowa kanjira ka ng'ombe.

Kanjira kameneko kamayamba bwino. Kenako kamatsikira m'chigwembe, n'kumachepa, n'kugawikana kanayi, chifukwa ng'ombe sizipangana. Pakati pake pali chitedze, kumapeto kuli matope. Ndinadikira. Ndinadya nthochi ziwiri. Patapita ola ndinayamba kumva mawu a mphunzitsi akutukwana mawu amene sankaphunzitsa ana.

Ndinatsika pang'onopang'ono n'kukaima pamphepete pa chigwembe. Pansipo a Tcheya anali m'matope mpaka m'maondo, akudzikanda m'khosi ndi m'manja ngati galu wa utitiri. Poti ankatsogola, chitedze chonse anachiyamba ndi iwo. Alendo awiri aja anali ataima pa kachulu kumbuyo, nsapato zokha zitada.

"Zikuyenda, a Tcheya? Nsapato zija zikugwira?"

Anakweza mutu. "Mayi! Mulungu wakutumani. Tulukira kuti kuno?"

"Sananditume Mulungu, ndabwera ndekha. Njira ndikuidziwa, koma ili ndi mtengo wake."

"Mayi, ino si nthawi yocheza. Pali alendo."

"Ndawaona. Moni alendo. Choyamba, chigawo chibwerere kwa mwana wanga. Chachiwiri, munene pano za macheka."

"Zimenezo tikakambirana pa msonkhano."

"Munalemba kalata yopempha kuti ndikutulutseni?"

Mayi wojambula uja anabisa pakamwa. Mkulu wa imvi anayang'ana a Tcheya. "Macheka ati?"

"Ndi nkhani yaing'ono, bwana. Mayiwa ndi okwiya chabe, mwana wawo..."

"Mtengo wakwera," ndinatero. "Chachitatu, kiyi wa kanyumba ka zida akhale awiri, wina asunge mwana wanga. Mukachedwanso pabwera chachinayi. Ine sindithamangira kulikonse, ndili ndi nthochi zina."

"Mayi inu, mulibe chisoni?"

"Chinathera pa msonkhano paja. Chachinayi, Loweruka likubwerali mumunyamulire chitini cha penti kuyambira pa mlatho."

Mkulu uja sanakweze mawu. Anangoti, "A Tcheya, mwendo wa mayi uja unathyoka pa sitepe yowola. Lipoti lanu linati wosamalira ananyalanyaza. Ndikufunsanso, macheka ati?"

A Tcheya ananena. Anachita kuzitulutsa zidutswazidutswa, uku akukanda, kuti mwana anapempha, kuti anapempha katatu, kuti macheka anali kwa mlamu. Pa khola la nkhumba anafuna kulumphapo, ine ndinawakumbutsa. Atamaliza ndinawalozera potulukira, pa mtengo wakugwa umene unali masitepe khumi okha kuchokera pomwe anaima. Alendo ndinawagwira dzanja powoloka. A Tcheya anadzikoka okha.

Titabwerera pa mwala ndinawazungulitsa kuseri, ndinawakweza pang'ono, n'kuwauza kuti atembenuke. Mkulu uja anayang'ana mitengo yachikasu ija nthawi yaitali.

"Wapaka mbali imodzi," anatero.

"Wagalimoto," ndinayankha.

Ine ndinafika kunyumba ndikuimba. Ndinkayesa mwana andikumbatira. Anamvetsera nkhani yonse ataimitsa makina, nkhope ili gwa.

"Munadziwa liti?"

"Lolemba lija."

"Masiku onsewa, osanena?"

"Ndinkakhalapo tsiku lililonse. Palibe anasochera."

"Nanga amene ankafika inu mutatsika? Alipo amene amakwera madzulo, amayi. Alipo oyenda okha."

"Palibe anasochera, ndatero."

"Mukudziwa bwanji?"

Pamenepo ndinapita kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Iye anavala nsapato nthawi yomweyo, n'kutenga nsanza zachikasu zotsala ku diresi ya munthu, kupita kukamanga pamitengo ya pa mphambano kuti zigwirizire mpaka penti apezeke. Anabwerako kutada.

Msonkhano unaitanidwa Lachitatu, m'kachipinda komwe kaja. A Tcheya anabwereza zonse pamaso pa anthu, manja atapaka mankhwala oyera. Mlamu sanabwere. Mwana wanga analandira kiyi, n'kumuika m'thumba osayang'ana aliyense. Potuluka anandiuza chapansipansi, "Chigawo ndi changa tsopano. Mukadzaonanso cholakwika, mudzandiuze tsiku lomwelo. Mukapanda kutero, musadzapondemonso."

"Ndamva," ndinatero. Mwana wako akamakulamula pa ntchito yake ndiye kuti wachira.

Loweruka tinakumana pa mlatho. Iye patsogolo ndi bulashi, a Tcheya pakati ndi chitini chachikulu chodzaza, ine kumbuyo kuti ndiziona bwino. Mtengo uliwonse mwana ankaima, iwo n'kutukula chitini, iye n'kuviika. Tisanafike n'komwe pa mwala, malaya awo anali atanyowa, chitini chikusinthidwa dzanja ili, dzanja ilo.

Mwana wanga anatembenuka, n'kuwayang'ana, n'kutambasula dzanja. "Bweretsani, a Tcheya, ndinyamuleko."

"Asiye," ndinatero.

"Amayi, akwana."

"Sitinagwirizane za theka la phiri. Tiyeni, a Tcheya, ndipo musataye. Penti ameneyo ndi wa anthu."