Tsabola pa Zilonda za a Bwanausi

Linali tsiku lachinayi a Bwanausi osadya kanthu kooneka. Mkazi wawo Zakiya anaika pamkeka mbale ya matemba okazinga, ofiira ndi tsabola, koma iwo anangoyang'ana kumbali.

"Bambo a Nasoro, mwati ndizitani ine? Ana anayi, munda, nsomba zoyanika pathandala, ndiye ndizikunyengererani inunso ngati khanda?"

A Bwanausi anali msodzi wa pa nyanja ya Chiuta, munthu wopalasa bwato tsiku lonse osadandaula. Koma chibwerereni ku Nampula, komwe ankalandira mankhwala a khansa a m'diripi, m'kamwa mwawo munali zilonda zokhazokha, nkhama zikutuluka magazi.

"Mankhwala aja akundiwotcha," anatero movutikira. "Ulendo winawo sindipita."

Apa Zakiya anasiya zokalipa. Dotolo anali atanenetsa kuti asadumphe tsiku, ndipo panali patangotsala masabata awiri. Anamanga chitenje, ulendo wa kuchipatala cha pafupi kukaitana namwino, a Neide.

A Neide anafika masana panjinga, fumbi lili mbuu m'miyendo. Anayamba ayeza thupi ngati likutentha, kenako anaunika m'kamwa.

"Thupi silikutentha, tithokoze. Tsopano ndiuzeni, m'kamwamu mumalowa chiyani?"

Zakiya anafotokoza zonse, osabisa: tsabola woti atsegule chilakolako cha chakudya, ndiponso ndimu ndi mchere zomwe ankatikita pazilondazo kuti ziume. A Bwanausi anatulutsa mswachi wawo wamtengo umene ankakwechera mano asanaswali, kasanu patsiku.

"Mayi," anatero a Neide, "bala la pamwendo mungathirepo tsabola?"

"Ndapenga?"

"Nanga la m'kamwa lalakwanji?"

Zakiya anagwira pakamwa. A Bwanausi anafuna kuseka, koma ululu unawaletsa.

"Zilondazi zimawatulukira ambiri amene ali pa mankhwala amenewa," anapitiriza a Neide. "Si chizindikiro choti mankhwala akukuphani ayi. Zimapola, bola osazipweteka."

Sanangolankhula basi, anapempha moto. Anawiritsa madzi lita imodzi, atazizira anawathira mu garafa, botolo loyera, pamodzi ndi kasupuni kamodzi ka mchere ndi kamodzi ka soda wophikira therere.

"Soda wa m'sitolo, osati chidulo. Azichukucha n'kulavula, akatha kudya ndiponso asanagone. Tsiku lililonse madzi atsopano. Chakudya chikhale chofewa ndi chofunda chabe: phala la nsinjiro, dzira, nthochi, mlamba wowiritsa wochotsa minga. Matemba ouma, ndimu, tsabola, fodya, zonsezo ziyambe zapuma."

"Mswachi wokha sindisiya," anatero a Bwanausi. "Ndikaime pamaso pa Mulungu m'kamwa muli mwakuda?"

Zakiya anapuma mozama, poganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma a Neide sanatsutse. Anatulutsa m'chikwama kamswachi ka ana, kofewa, nakaviika m'madzi ofunda.

"Ndani wati musiye kutsuka? Kasanu komweko, baba, nkwabwino kuposa mmene ambiri amachitira. Koma ndi aka, pang'onopang'ono. Wamtengowo mudzaubwerera mukamaliza mankhwala."

A Bwanausi anakatembenuza kamswachiko, kobiriwira, kokhala ndi chithunzi cha kansomba. "Nsomba zanditsata mpaka m'kamwa," anang'ung'udza, koma anakalandira.

Asanakwere njinga, a Neide anasiya mankhwala ochepetsa ululu, namuuza Zakiya kuti: "Thupi likatentha, magazi akapanda kusiya, m'kamwa mukachita zoyera ngati chambiko, kapena madzi akakana kumezeka, musadikire kuti kuche. Bwerani nawo."

A Neide anabweranso kawiri sabata imeneyo, dzuwa likuswa mtengo, osaitanidwa. Zakiya, amene sayamikira munthu wamba, anauza amayi anzake pathandala kuti namwino uja ndi munthu.

Pofika tsiku la ulendo zilonda zinali zisanathe zonse, koma a Bwanausi anamaliza mbale ya phala n'kufunsa ngati latsalako. Anakwera chapa, minibasi ya ku Insaca, kuyamba ulendo wa ku Nampula, garafa ili m'manja, kamswachi kali m'thumba la malaya.

Choncho wanu akakhala pa mankhwala a khansa ndipo m'kamwa mwatuluka zilonda, musamusiyitse mankhwala, musatikitepo zowawa. Tsukani mofatsa, chukuchani pafupipafupi, mupatseni zofewa, ndipo kauzeni achipatala msanga. Wodwala amene akudya ndiye amapeza mphamvu zomalizira mankhwala ake.