Masamba Osadula a Malemu Pradel

Tsiku limene a Anselme Garrigou anamva kuti Bwalo la Alembi lawasankha, anadya bakha wathunthu okhaokha, n'kumaliza ndi kunyambita zala. Mpando wa m'Bwalomo anayamba kuusirira ali ndi tsitsi. Analemba mabuku ankhaninkhani, onenepa ngati njerwa, okamba za ana amasiye, amalume adyera ndi akazi okomoka pamasitepe. Paris yense ankawawerenga, ochapa zovala ankalira nawo, koma madoda a m'Bwalo ankangoyang'ana kumbali. M'menemo munthu salowamo pokhapokha wina atamwalira, ndipo madoda amenewo, ndikuuzeni, safa msanga.

Tsono amene anafa n'kusiya mpando anali Firmin Pradel, ndipo vuto linagona pamenepo. Mwambo wa Bwalo ndi woti wolowa pampando aimirire pamaso pa anthu, atavala jasi lobiriwira, lupanga lili m'chiuno, atamande mwini mpando wakaleyo mpaka kummero kuume. Ukapanda kutero, pampando sukhalapo.

"Ine? Nditamande Pradel?" anatero a Garrigou, akudzipukuta mafuta a bakha kundevu.

"Nanga mumati atamande ndani, ine?" anayankha akazi awo, a Léontine. "Wofuna mpando ndinu. Ine wanga ndili nawo, ndi uwu ndakhalirawu."

"Munthu uja anali njoka, mayi."

"Ndiye katamandeni njokayo. Yafa, sikulumaninso."

Udani wa anthu awiriwa unali wodziwika kuposa mabuku awo. Anabwera ku Paris limodzi kuchokera kumwera, ali anyamata opanda kanthu, n'kumagona m'kachipinda ka kudenga, jasi lili limodzi: wina akatuluka, mnzake ankakhala m'bulangeti. Tsiku lina Anselme anamaliza buku lake loyamba, n'kumukhazika Firmin pabedi kuti amve. Anawerenga ndi mtima wonse, mawu akunjenjemera. Atafika pamene mwana wamasiye akutsanzikana ndi galu wake, anamva phokoso. Anatukula maso. Firmin anali atayasamula kukamwa, akuliza mkonono. Anselme anasonkhanitsa mapepala ake, n'kutenga jasi lija, n'kutsika masitepe. Sanalankhulanenso.

Atatchuka onse awiri, nkhondo inasamukira m'nyuzipepala. A Garrigou ankalemba kuti mabuku a Pradel ndi owonda ngati msuzi wa m'chipatala. A Pradel ankayankha kuti mabuku a Garrigou ndi othandiza kwambiri potsekereza chitseko kukachita mphepo. Anthu ankathamangira kukagula nyuzi kuti amve kuti lero walasa mnzake ndani. Komabe alembi ali ndi ulemu wawo wachabechabe: buku latsopano likatuluka, umatumiza limodzi kwa mnzako aliyense, ngakhale amene ukumufunira chimfine. Choncho mabuku ankapita uku ndi uku chaka ndi chaka, masamba ake ali opindana m'mphepete monga amachokera kosindikiza, kudikira mpeni wa wowerenga kuti uwadule.

A Garrigou anaganiza zochenjera. Amutamanda Pradel, inde, koma mawu aliwonse akhale ndi munga m'kati. Anadzitsekera m'chipinda cholembera, akuseka okha, ndipo atamaliza anaitana akazi awo kuti amve.

"'Malemuyu anali munthu wodzichepetsa, moti ngakhale luso lake ankalibisa, ndipo analibisa bwino kwambiri.' Mwaimva imeneyo, mayi?"

"Ndaimva. Nanga za mabuku ake mukunenapo pati?"

"Ndikutchula mayina."

"Lija la wogulitsa mtedza wokazinga limatha bwanji?"

A Garrigou anatsokomola. "Limatha moipa. Onse amatha moipa."

A Léontine anadzuka. Anabwera ndi buku limodzi kuchokera pansi pa mphika wa maluwa, lina kuchokera m'khitchini kumene linkatsendereza tchizi, lina kuchokera pazenera. Anawaika patebulo, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwake. Onse anali otseka ngati nkhono. Mpeni unali usanapitepo.

"Zaka zonsezi mwakhala mukutukwana chiyani, bambo?"

"Mphuno ndili nayo. Nsomba yoola imamveka dengu lisanatsegulidwe. Komanso anzanga ankandiuza za m'katimo."

"Kandimverere adakanena za m'maluwa," anatero a Léontine, n'kubwezera buku lija pa tchizi.

Patapita masiku, masana ena kukugwa mvula yowaza, pakhomo panaima ngolo. Munatuluka kamayi kakang'ono kovala zakuda, ndipo woyendetsa ngoloyo anatula bokosi lolemera m'chipinda chochezera, akung'ung'udza za msana wake. Anali a Odile Pradel, mkazi wa malemu. A Garrigou anawerama mwaulemu, akuganiza kuti mayiyu wabwera kudzawachonderera kapena kudzawalalatira.

"Pepani ndi maliro, mayi."

"Zikomo. Maluwa anu ndinawaona. Anali aakulu kuposa bokosi la malirolo." Anakhala pampando n'kuvula magolovesi. "Ndikusamukira kwa mchemwali wanga kumudzi, ndipo nyumba yake ndi yaing'ono. Mabuku a Firmin ndagulitsa kwa ogulitsa mabuku akale a m'mbali mwa mtsinje. Awa okha akana, akuti palibe angagule. Ndiye ndati ndibweze kwa mwini wake."

A Garrigou anatsegula bokosilo, magazi atakwera kumutu. Ogulitsa a kumtsinje kukana mabuku a Garrigou! Anatulutsa loyamba. Linali lawo ndithu, lija la mwana wamasiye ndi galu, koma linali litasanduka chiguduli. Masamba onse anali odulidwa bwinobwino, m'makona mutada ndi zala, msana utamangidwa ndi ulusi wa nsapato. Lachiwiri linali ndi dontho la msuzi wa anyezi. Lachitatu linali litatupa ngati mkate.

"Limenelo linagwera m'bafa," anatero a Odile. "Ankakonda kukuwerengani akusamba."

"Ankasaka zolakwa."

"Zolakwa ankazipeza pa ulendo woyamba, ndipo zinalipo zambiri, ankandiwerengera tikudya. Maulendo enawo sindikudziwa kuti ankasaka chiyani. Pa galu paja ndiye ankachita kutuluka panja, ati utsi wa m'chumuni wamulowa m'maso."

"Pa galu paja," anatero a Garrigou mawu atauma, "munthu ameneyo anagona. Ndinamuwerengera ndekha ndi pakamwa pangapa, iye n'kuliza mkonono."

A Odile anaseka, kuseka kwa munthu amene wakhala nthawi asanaseke.

"Ndiye nkhani yake ndi imeneyo? Bambo inu, Firmin akamva munthu akuwerenga mokweza, tulo tinkamugwira ngati matenda. Pa ukwati wathu anagona wansembe ali pakati pa kuwerenga, ndinachita kumuponda phazi kuti avomere. M'Bwalo mwanumo wagonamo zaka zonse. Anafa osadziwa chimene anakulakwirani. Ankaganiza kuti mwina munangofuna jasi."

A Garrigou anasowa poyang'ana. Ndipo poti tsoka silibwera lokha, maso a mayiyo anatsikira pansi, pamwendo wa tebulo umene unali waufupi. Pansi pa mwendowo panali kabuku kopyapyala kachikuto chachikasu, komaliza kulemba amuna awo. Anawerama, anakayang'ana m'mphepete, n'kuona masamba osadula, n'kuweramuka. Sanakwiye, ndipo zimenezo n'zimene zinawawa kwambiri.

"Kakugwira ntchito," anatero, akuvala magolovesi. "Pa tsikulo ndidzabwera. Mudzanene zimene mufuna, iye kutukwana kwanu ankakukonda. Chokhacho musadzamunamizire zabwino zimene simunazione."

Ngolo itapita, a Garrigou anagwada, n'kusolola kabuku kaja, tebulo n'kupendekeka. Anafunafuna mpeni wodulira masamba, koma unali utasowa kalekale. Anapita kukhitchini.

"Mipeni yanga simuikhudza," anatero a Léontine. "Ulendo watha munanolera pensulo mpeni wa nsomba."

Pakona panali lupanga la mwambo lija, limene anzawo anawasonkhera, chogwirira chake chagolide, litangofika kumene m'mawa womwewo. Analisolola. Linali lobuntha moti silikanadula ndi batala womwe, koma analilowetsa pakati pa masamba n'kukoka. Pepala linang'ambika mokhotakhota ngati ladyedwa ndi mbewa. Anayamba kuwerenga ataimirira, lupanga lili kukhwapa.

Sabata imeneyo nyumba ya a Garrigou inali yosakhalika. M'chipinda cholembera munkamveka kung'ambika kwa mapepala, kenako zii, kenako kubangula.

"Chitsiru chimenechi chinkadziwa kulemba!"

"Mwati chiyani, bambo?"

"Ndati wakuba! Zimene ine ndimanena m'masamba makumimakumi, iye akunena m'mzere umodzi. Ndani anamuloleza?"

Tchizi chinasowa chotsendereza, mphika wa maluwa unakhala pansi. Telala atabwera kudzayeza jasi lobiriwira, anachita kuwayeza akuwerenga. Mabukuwo sankakamba zazikulu ayi: wogulitsa mtedza, mayi wosoka mabatani, nkhalamba yoweta njiwa. Koma a Garrigou ankaseka mpaka kutsamwa, ndipo mwina ankangokhala duu, buku lili pamaondo. Anaonanso kuti m'buku lililonse, penapake, mumadutsa mnyamata wolongolola wovala jasi lamikono yaifupi, n'kukhota pakona osacheuka. Jasi limenelo analizindikira. Atamaliza buku lomaliza analira, kulira kwenikweni kwa mamina, chifukwa panalibenso lina loti adule, ndipo munthu woti akamuuze anali kumanda. Mawu aminga aja anawaponya pamoto.

Tsiku la mwambo holo inadzaza thothotho. Paris yense anabwera kudzaona Garrigou akuvina pamanda a Pradel. Madoda a m'Bwalo anakhala m'mizere, ena atayamba kale kuwodzera. A Odile anali pamzere wakutsogolo, manja ali pamiyendo. A Garrigou anaimirira, jasi likuwathina pamimba, lupanga likuwamenya m'bondo.

"Firmin Pradel," anayamba, "ankalemba bwino kuposa ine."

Holo inaphulika ndi phwete. Bambo wina wa nyuzipepala anadzimenya pantchafu. Madoda ogona anadzidzimuka n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Ndikunena zoona," anatero a Garrigou.

Anthu anasekanso kwambiri. Mayi wina wachipewa chanthenga anachita kudzipepesa ndi kapepala, misozi ili mbwembwembwe, akuuza mnzake kuti chipongwe chotere sanachimvepo chibadwire. A Garrigou anakamba za wogulitsa mtedza, anthu n'kuseka. Anakamba za njiwa mawu akunjenjemera, anthu n'kuyamikira kuti bamboyu akanatha kukhala wazisudzo. Anali atawaphunzitsa okha kwa zaka zonsezi kuti dzina la Pradel likatuluka pakamwa pawo, nthawi yoseka yakwana. Thukuta linawatsika m'khosi. Mpando anali ataupeza kale, koma sanaukumbukirenso. Mantha awo anali pa kamayi kamodzi kovala zakuda, kamene sikankaseka, kakungowayang'ana osaphethira. Anamaliza ndi mtima wosweka, anthu n'kuimirira kuwaombera m'manja ngati agwetsa chilombo.

Anthu atayamba kutuluka, a Garrigou anakankha owapatsa moni, n'kukaima pamaso pa a Odile. Anapisa m'thumba la jasi, n'kutulutsa kabuku kachikasu kaja, kali ndi chidindo cha mwendo wa tebulo pachikuto, n'kuwapatsira.

A Odile anakatembenuza, n'kuyendetsa chala chachikulu m'mphepete. Masamba anatseguka onse, kuyambira loyamba mpaka lomaliza, ali ong'ambikang'ambika.

"Mwadula ndi chiyani, khasu?"

"Lupangali, mayi."

"Firmin ankadula anu ndi mpeni wometera, ankati pepala la Anselme silofunika kulipweteka." Anaimitsa chala pa tsamba lina limene linali ndi dontho louma lomwe silinali la msuzi. "Enawonso?"

"Onse. Anthu awa sanandikhulupirire."

"Asiyeni. Mwini wake akanakhalapo sakanasekako. Akanagona musanamalize mzere woyamba."

A Garrigou anaseka, kuseka kwake n'kutembenuka kukhala china, mpaka a Léontine anawapatsira kansalu. A Odile anawabwezera kabuku kaja m'manja, n'kuwafumbatitsa.

"Sungani. Iye anu ankawabwereza chaka chilichonse masamba a mitengo akayamba kuyoyoka. Inu mwangowerenga kamodzi, muli m'mbuyo kwambiri."