Phindu la Butchala ya Amalume

Kunyumba onse ankamutchula Digiri, chifukwa pepala la ku yunivesite linalipo koma ntchito ayi. Ntchito yokhayo imene anaipeza chaka chimenecho anamupatsa ndi amayi ake, ndipo inalibe malipiro.

"Amalume ako akufuna ndilowetse penshoni yanga yonse mu butchala yawo, tizigawana phindu," anatero amayi, akuyala pepala patebulo. "Werenga ichi, undiuze ngati ndipereke kapena ayi. Sukulu ija ndinalipira ndine."

Digiri ankakonda zinthu zozunguza mutu kuposa chakudya, choncho anakoka mpando msangamsanga.

"Pepalali lili ngati masitepe otsika, amayi. Pamwamba pali ndalama zonse zimene zinalowa pogulitsa nyama chaka chonse. Mukatsika, mumachotsa zimene anagulira nyamayo. Mukatsikanso, mumachotsa lendi, malipiro a antchito, magetsi, madzi. Chotsala pansi ndiye phindu."

"Ndiye pansipo pali bwino?"

"Pali bwino mpaka kuchititsa mantha."

Manambala a chaka chatha ndi a chaka chino anali moyandikana. Zogulitsa sizinasinthe kwenikweni, mtengo wogulira nyama chimodzimodzi, koma phindu linawirikiza kawiri. Ndalamazo zinachokera kuti? Digiri anayendetsa chala pang'onopang'ono. Magetsi anatsika ndi theka. Pamzere wa nyama yowonongeka, pamene chaka chatha panali nambala yonenepa, panali ziro wozungulira bwinobwino ngati dzira. Kupatula lendi, chinthu chimodzi chokha ndicho chinakwera: viniga ndi zokometsera.

Poyamba anaganiza kuti amalume anangonama, ndipo zikanamusangalatsa, poti bodza silivuta kugwira. Koma atapempha malisiti a magetsi, anagwirizana ndi pepalalo ndendende.

Mawa lake anapita ku butchalako. Kutsogolo kunali matailosi oyera, galasi lopukuta bwino, ndi nyama yofiira yoyalidwa mwaulemu. Filiji inkalira chapansipansi kuseri kwa khoma.

"A Digiri!" anafuula amalume ali pa kauntala. "Mwabwera kudzatiwerengera ntchentche?"

"Ndangodutsa, amalume. Chimbudzi chili kuti?"

Njira ya kuchimbudzi inkadutsa m'chipinda chodulira nyama. Fungo linamulandira asanatsegule n'komwe chitseko: fungo lotsekemera, lolemera, lokakamira kukhosi. Pansi panali madzi ofiirira otuluka mufiliji, oterera. Bambo wodula nyama anali atawerama pabeseni, akuchapa nthuli zobiriwira mu viniga ngati akuchapa masokosi. Kanthu koyera kanatuluka m'nthuli imodzi n'kuyamba kudzipinda pamphepete pa beseni. Bamboyo anakafinya ndi chala, n'kupukuta chalacho pa epuloni.

"Filijiyi yafa?" anafunsa Digiri, dzanja lili pamphuno.

"Ili moyo, chemwali. Timayatsa m'mawa kuti makasitomala azimva kulira kwake. Tikamatseka, bwana amazula pulagi okha."

"Nanga nyama ikawonongeka mumakataya kuti?"

Bamboyo anaseka. "Kuno sititaya kanthu. Yofiira ya pagalasi, yakuda ya kunyenyanyenya, yobiriwira ya soseji. Mukathira tsabola wambiri, imamvera."

Zonse zinalumikizana pamenepo: magetsi, ziro uja, viniga. Nthawi zina zonse Digiri akapeza yankho ankamva kukoma mumtima. Apa chimene chinabwera ndi malovu owawa mkamwa, chifukwa anakumbukira jumbo ya soseji imene amalume ankabweretsa kunyumba mwezi ukatha. Iye ndi amene ankamaliza yotsala mupoto, kunyambita zala, ndipo m'mimba mukavuta ankanamizira madzi a pampopi. Kuchimbudzi anafikako, koma chimene anakachitako ndi kusanza.

Madzulo anafuna kuwauza amayi zonse, koma iwo anamudula. "Ukanene pamaso pawo. Sindifuna adzati tinkawajeda." Choncho Lamlungu anapita onse kukadya kwa amalume, amayi atapanira chikwama chokhala ndi mapepala a kubanki. Patebulo panali mbale yaikulu ya soseji, yonyezimira mafuta.

"Tiuzeni, a Digiri," anatero amalume akuwaikira amayi m'mbale. "Mwapezamo bodza?"

"Mulibe bodza ngakhale limodzi."

"Wamva, mlongo wanga? Wanena ndi wophunzira!"

"Phindu lilipodi," anapitiriza Digiri. "Lina lili m'mbale mwanumo, amayi."

Foloko ya amayi inaima m'malere. Digiri anafotokoza za pulagi, za beseni, za kanthu koyera kaja. Kenako anatulutsa pepala lija.

"Ndabwezeramo magetsi a filiji yoyaka usiku ndi usana. Ndabwezeramo nyama yoyenera kutayidwa, monga zinalili chaka chatha. Popeza lendi inakwera, pansi sipatsala kanthu, pamasowanso. Butchala yaukhondo ikuluza. Imene ikupindula ndi yowolayi."

"Wamwalirapo ndani?" anakalipa amalume. "Bizinesi ndi kuchepetsa zotuluka. Si zimene anakuphunzitsani kusukulu kwanuko?"

"Ndi zomwezo," anavomera Digiri, ndipo kuvomerako kunamunyansa kuposa fungo lija.

Amayi anaika foloko pansi. Ankayang'ana mbale ya mlongo wawo. Munali kabichi ndi mbatata basi. Anatenga mbale yawo n'kuikankhira pang'onopang'ono kutsogolo kwa amalume.

"Achimwene, idyani."

"Ine adokotala anandiletsa nyama."

"Liti?"

"Kumayambiriro kwa chaka chino."

"Pamene munayamba kuzula pulagi."

"Mlongo wanga, tamvera..."

"Chaka chonse mwakhala mukudyetsa mwana wanga zimenezi, ine n'kumakuthokozani ndi manja awiri. Lero mukufuna ndikulipireni kuti tizidyetsa limodzi ana a eni?"

Amalume anayang'ana sosejiyo. Ntchentche inatera pamwamba pake, n'kuyamba kusisita timiyendo. Palibe anaiingitsa.

Amayi anaimirira, chikwama chili chotseka monga chinabwerera. Panja anayenda mwachangu osacheuka, Digiri akuwatsata. Atafika pangalande ya m'mbali mwa msewu anaima n'kulavula, ngakhale kuti sanalawe kanthu.

"Sukulu ija," anatero akupukuta pakamwa, "wabweza."

Digiri anafuna kuseka, koma mphepo inachokera ku shopu ya tchipisi ili ndi fungo la viniga, ndipo nayenso anawerama pangalandepo.