Mabuluberi Ang'onoang'ono

Matilda anakulira ku Mponela, kumene nkhupakupa ndi nkhani ya agalu ndi ng'ombe. Choncho ina itamuluma pamwendo, tsiku limene mpingo wawo unakayenda kumapiri a kumpoto kwa Glasgow, anangoithothola ndi zikhadabo n'kupitiriza kugawa chakudya. Patapita masabata, pamalopo panatuluka banga lozungulira, lodera. Mwamuna wake Eneya analiyang'ana kamodzi kokha.

"Chipere ichi, amake Mia. Ndikugulirani kirimu."

Banga linathadi, koma matenda anali atalowa m'kati. Mawondo anatupa, ndipo kunabwera kutopa kosamva tulo. Pomwe madokotala amadzazindikira kuti ndi matenda a Lyme, ofalitsidwa ndi nkhupakupa, n'kuti chaka chitatembenuka. Anati pakhungu lakuda bangalo silifiira ngati pazithunzi za m'mabuku awo. Mankhwala Matilda anamwa onse, koma mphamvu zinkabwerera mokoka miyendo. Ntchito yosamalira okalamba anaisiya. Masitepe a nyumba yawo yam'mwamba ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow momwemo, ankawatsika Lamulungu lokha, atatsamira phewa la Eneya.

Banja lonse linatsala pamiyendo ya munthu mmodzi. Eneya ankayendetsa basi, kuphika, kuchapa, kuperekeza mwana wawo Mia kusukulu. Matilda ankadziwa kuti tsiku limene miyendo imeneyo idzagwe, onse agwa. N'chifukwa chake anakhazikitsa lamulo lakuti m'nyumba mwake musapezekenso woponda tchire la dziko lino.

Za mabuluberi anayambitsa ndi nesi wina. Ananena mosabisa kuti tizipatso timeneti si mankhwala ndipo sitipha kachilombo ka matendawa, koma tingathandizeko thupi polimbana ndi kutupa, komanso m'mimba mwa munthu amene wamwa maantibayotiki nthawi yaitali. Kaya Eneya anamva mbali iti. Iye ndi uja ukamuuza kuti mchere pang'ono, amapendeketsa botolo lonse. Mabuluberi anayamba kupezeka m'phala, m'yogati, pambali pa tiyi, mpaka Mia ankathawa akangomva filiji ikutsegulidwa.

Chakumapeto kwa Julaye zipatso zija zinasintha. Zinkabwera m'kabokosi komweko ka pulasitiki, koma zinali zing'onozing'ono, zakuda mpaka m'kati ngati nthudza zakupsa, zowawasira, zodetsa lilime.

"Mtundu wina umenewo," anatero Eneya, maso ali pasinki.

Matilda anamuyang'ana. Kolala ya yunifomu inali itayamba kumukulira, ndipo anamva naye chisoni. Bondo lakumanzere linalidi litapepukako sabata imeneyo, mwina chifukwa cha zipatso, mwina kafundidwe ka chilimwe cha dziko lino, ndani akudziwa. Koma iye anawonjezera dala.

"Awa ndiye mankhwala, bambo a Mia. Bondo langa lachita kupepuka."

Nkhope ya Eneya inawala mmene inali isanawalire chiyambire matendawa. Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse lopuma ankati kuntchito kwapezeka ovataimu, ndipo madzulo ankabwera ndi kabokosi kodzaza.

Lamulungu lina m'mawa, akuvala za kutchalitchi, Eneya anakhala pabedi n'kumupatsa msana.

"Tandikandaniko apa. Dzanja silikufika."

Matilda anakweza vesiti. Pansi pa phewa panali banga lozungulira, lalikulu ngati sosala, lodera m'mphepete. Analikhudza, linali lofunda. Bangali ankalidziwa ngati nkhope ya m'bale wake.

Anatsitsa vesiti ija. Anagwira khoma mpaka kukhitchini, anatulutsa kabokosi kaja n'kukhuthulira zipatso zonse m'mbale. Pansi panatsala timasamba tiwiri ndi kanthambi kouma. Anakumbukira zala za mwamuna wake, zodera m'zikhadabo, zimene ankayesa kuti zimada potsuka zipatso.

Eneya anaima pakhomo, malaya ali m'manja.

"Ovataimu yanu imachitikira phiri liti?"

Bamboyo anaulula. Anati mnzake wina wakuntchito, mbadwa ya konkuno, anamuuza kuti m'mapiri muli mabuluberi omera okha, amphamvu kuposa a m'shopu. Ankakwera sitima m'mamawa, n'kukagwada m'tchire tsiku lonse.

"Koma ndimasamala. Buluku ndimalowetsa m'masokosi."

"Nanga kumsana? Kumsana kwanu kuli chija chinali pamwendo panga."

Eneya anapotokola dzanja, osafikapo. "Mwina thukuta chabe. Mwina chi…" Mawuwo anamuthera pakamwa.

"Malizani," anatero Matilda. "Mwina chiyani?"

Kuchipinda kwa Mia kunkamveka nyimbo. Eneya anakankha chitseko cha khitchini n'kutsitsa mawu.

"Chabwino, kuchipatala ndipita. Koma mawa ndili ofu, ndipo nyengo yake ikutha. Ndikungofuna ndidzaze filiza kuti mukhale nazo m'nyengo yozizira."

"Mukufuna tigone awiri? Mia azitsamiridwa ndi tonse?"

"Amake Mia, amene ananena kuti n'chipere ndine. Chaka chonse ndakuonani mukufota, ine wopanda chochita. Chinthu chimodzi chokha chimene chagwira ntchito ndi chimenechi. Munanena nokha."

Matilda ankamudziwa mwamuna wake. Kumukalipira kunali kutaya nthawi. Akanavomera zonse mwaulemu, mapiritsi akanamwa, koma m'mawa mwake akanakwera sitima ija, malinga ngati akukhulupirira kuti bondo la mkazi wake likuchira ndi zipatso zakuphiri. Munthu amene anamutuma m'tchire muja anali Matilda yemweyo, ndi pakamwa pake. Zinamuwawa kwambiri.

"Ndinangonena kuti musangalale," anatero. "Bondo lili chimodzimodzi."

Eneya anakoka mpando n'kukhala. Anayang'ana mbale ija, kenaka zala zake. Pamene amadzutsa mutu, kuwala kuja kunali kutachoka, ndipo anaoneka wokalamba.

"Sizinathandizeko ngakhale pang'ono?"

Matilda anali ataimirira nthawi yonseyi osagwira tebulo, zimene mwezi wathawo sakanatha. Anazindikira zimenezi pomwepo. Anatambasula dzanja msanga n'kutsamira mpando, kuti mwamuna wake asaone.

"Ngakhale pang'ono," anayankha. "Valani malaya, tipite kuchipatala."