Nambala ya pa Botolo la Mankhwala

"Amayi, dzulo anthu anawatola bambo pamsewu waukulu atavala nsapato imodzi," anatero mwana wachisamba ataima pakhomo la kuchipinda. "Tidikire kuti galimoto iwagunde?"

Mayi ake ankangopukuta amuna awo kukamwa. Bambowo anaphunzitsa masamu moyo wawo wonse, mpaka anthu ankangowatchula kuti a Masamu, koma chigwereni chaka chatha mutu unayamba kusokonekera. Mwanayu anabwera kudzawatenga kuti azikakhala kwake, kufupi ndi chipatala. Kumeneko malo ogona anali a munthu mmodzi basi, ndipo mayiwo ankadziwa kuti amuna awo akangokwera galimotoyo, ukwati utsala wa pafoni.

"Mutu wa bambo ako uli bwinobwino," anatero. "Ndani saiwala? Iwe unaiwala njira yobwerera kuno chaka chathunthu, tinakutengera kuchipatala?"

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, Amayi. Zikavuta anthu adzafunsa ine. Chabwino, apatseni nambala. Akaikhoza ndiwasiya."

Kale nambala inali ndiwo kwa a Masamu. Anzawo ankakopa atsikana ndi maswiti, koma iwo ankalanda tikiti ya basi, kuiyang'ana kamodzi, n'kuyamba kutchula manambala onse ogawa nambala ya tikitiyo basi isanafike pa siteji. Anasekedwa nazo, koma mkazi anamupeza.

Mayi anatola botolo la mankhwala patebulo n'kuloza nambala ya pansi pake: 73458.

"Bambo, tandigawireni iyi."

A Masamu anaiyandikitsa kumaso, milomo ikugwedera. Mkazi wawo, amene sukulu anaisiyira panjira, anali ataona kale. Yothera ndi 8 imagawika pawiri. Manambala ake ukawaphatikiza akukwana 27, ndiye kuti 3 ndi 9 akulowamonso. Anawaphunzitsa zimenezi ndi omwewa. Mayiwo anatsokomola kawiri mwadala.

"Amayi, osawauzira."

Kenaka nkhope ya a Masamu inawala ngati kale akaima pabolodi.

"Iyi ndi yamakani," anatero monyadira. "Siigawika. Imangolola 1 ndi iyo yomwe, ena onse imawakana. Zoterezi n'zosowa, uisunge." Anagwira dzanja la mkazi wawo n'kulifinya. "Ili ngati ine ndi iwe."

Mwana uja anayang'ana pansi. Ngakhale wa sitandade 3 akanaiona 8 ija, ndipo onse awiri ankadziwa. Mayiwo zinawapweteka kuposa tsiku limene amuna awo anagwa, chifukwa tsiku lija chiyembekezo chinalipo.

"Mwakhoza, bambo," anatero mayiwo.

Anamasula dzanja lawo pang'onopang'ono, n'kutsitsa sutikesi pamwamba pa wadirobu. Anapinda malaya, mathalauza ndi jekete ya a Masamu ya m'kalasi, n'kuikamo botolo lija. Atatha anatembenukira kubedi. Pa mapilo awiri a pabedipo, anatengapo imodzi.